Za Mliri wa Chimfine wa 1918 ndi Anthu a pa Ulendo

Nyengo ya chisanu ikafika, ndipo chiperoni chikakuta mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'Blantyre ndi m'Limbe mumamveka kutsokomola ponseponse, ndipo munthu ukamfunsa mmene wadzukira, amangoyankha kuti, "Ndi kachimfine chabe." Kawirikawiri amanena zoona, pakuti pakapita masiku anayi kapena asanu amakhala atachira. Koma chinalipo chaka china pamene makolo athu ananena mawu omwewa, ndipo mlungu usanathe anali kukumba manda. Chaka chimenecho ndi 1918, ndipo nthendayo ndi imene akuluakulu ankaitchula kuti fuluwenza. Mwezi uno tifuna kuikumbukira nkhaniyi pamodzi ndi owerenga athu, makamaka njira imene nthendayo inadzera. Pakuti inalibe miyendo kapena mapiko, ndipo paliponse pamene inafika inachita kunyamulidwa ndi munthu wa pa ulendo, amene kawirikawiri sanadziwe n'komwe kuti wasenza katundu wotere.

Tiyambe ndi njirazo. Mudzi wa Blantyre unakhala pa mphambano chiyambire. Amishoni a Mpingo wa ku Scotland atafika m'dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, anakonda malowa chifukwa cha kuzizira kwake ndi madzi ake, komanso popeza anali pa njira yolambalala mathithi a mtsinje wa Shire, pamene ngalawa sizitha kupyola. Katundu wochokera ku nyanja ya mchere ankatsitsidwa kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, nasenzedwa pamutu kukwera chitunda kufikira ku Mandala, kumene a African Lakes anamanga nyumba yawo yosanja mu 1882. Kuchoka apo ankatsika nayenso kumka ku Matope. Mzungu ankayenda pa machila, munthu wakuda pansi, koma onse awiri ankayenda monga mwa mphamvu ya miyendo ya munthu. Ulendo wotere unali wowawa ndithu, komabe unali ndi ubwino umodzi umene panalibe anaulingalira masiku amenewo. Nthomba inkatha kuyenda ndi maulendo a amalonda, popeza imabisala m'thupi masiku khumi ndi kupitirira isanaoneke. Koma nthenda yofulumira inkamgwetsa munthu pa chigono chachiwiri kapena chachitatu, nachira kapena kufera pomwepo, ndipo midzi ya kutsogolo inkamva mbiri yake nthendayo isanafike.

Njanji inasintha zimenezi. Mu 1908 inatha kumangidwa njanji ya mamailosi 113 yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi Luchenza kufika ku Limbe ndi Blantyre. Ndipo mu 1915 anaionjezera mamailosi 61 kufika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, kumene zinkakocheza sitima za pamtsinje zochokera ku Chinde. Limbe ndi mwana wa njanji imeneyi: malikulu a kampani ya njanji anakhala pomwepo, fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco inamangidwa pafupi, ndi masitolo a Amwenye anatsatira. Ulendo umene unkadya mlungu wathunthu unayamba kutha tsiku limodzi kapena awiri. Anthu anakondwera, ndipo anayenera kukondwera. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Pamenepo inabuka nkhondo yaikulu ya 1914, imene anthu a kuno anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolira kosalekeza. Dziko la Ajeremani linkachita malire ndi lathu pa mtsinje wa Songwe, ndipo nkhondo inamenyedwa pa Karonga pa 9 Seputembala 1914. Koma zowawa zenizeni zinayamba mu 1916, pamene gulu la mkulu wa nkhondo Northey linalowa m'dziko la Ajeremaniwo, kumene misewu inali yosowa ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Ufa, zipolopolo, mahema ndi mankhwala, zonsezo zinayenera kuyenda pamutu pa munthu. Amuna a m'dziko lino pafupifupi 19,000 analowa usilikali wa K.A.R., ndipo ena pafupifupi 200,000 analembedwa kukhala amtengatenga, ambiri a iwo mokakamizidwa. Ndipo tikumbukire kuti kalembera wa 1921 anapeza anthu ngati 1,200,000 okha m'dziko lonse, kuwerengera pamodzi akazi ndi makanda. Katundu wa nkhondo ankakwera njanji kufika pa Limbe, kuchoka apo pa galimoto ndi pamutu kudzera ku Zomba kufika ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, nakwezedwa m'sitima za panyanja; ngakhale Chauncy Maples, sitima ya amishoni a ku Likoma, inatengedwa kukagwira ntchito yomweyo. Chotero Limbe linasanduka khomo limene zonse zinkalowera ndi kutulukira, ndipo amene ankasonkhana pakhomopo anali anthu otopa. Mtengatenga ankasenza mapaundi 50 kapena 60 tsiku ndi tsiku, phoso lake linali losakwanira, kamwazi ndi malungo zinali zitamfoola kale, ndipo usiku ankagona m'msasa mothithikana ndi anzake, mutu pafupi ndi mutu, kuti afundane.

Nthendayo inayambira kutali. Inaoneka poyera m'mwezi wa Malichi 1918 pa msasa wa asilikali wa Funston ku Kansas, m'dziko la America, ndipo inawoloka nyanja pamodzi ndi asilikali opita ku France. Anaitcha ya ku Spain, osati chifukwa inachokera kumeneko iyayi, koma popeza dziko la Spain silinali pa nkhondo, ndipo manyuzipepala ake ankalemba za odwala mosabisa, ngakhale za kudwala kwa mfumu yawo Alfonso XIII, pamene maiko omenyanawo ankabisa poopa kukondweretsa adani. Poyamba inali yofatsa. Koma m'mwezi wa Ogasiti inasandulika nikhala yaukali, ndipo inabuka pafupifupi nthawi imodzi pa madoko atatu otalikirana: Brest ku France, Boston ku America, ndi Freetown ku Sierra Leone, kumene sitima za panyanja zinkaima kutenga malasha.

Pa Freetown pomwepo panaima sitima ziwiri, Jaroslav ndi Veronej, zonyamula amuna akuda a ku South Africa oposa 2,000 amene anakagwira ntchito ya nkhondo ku France. Zinafika ku Cape Town pakati pa Seputembala. Odwala oonekera anawatengera ku chipatala, otsalawo anawasunga pa msasa masiku owerengeka, ndipo poona kuti akuoneka amoyo, anawakweza sitima za pamtunda zopita ku zigawo zonse za dzikolo. Ndani akanalimba mtima kuwaletsa? Anali atachoka kwawo kalekale, ndipo maso awo anali kunjira. Koma m'milungu isanu ndi umodzi yotsatira m'South Africa munafa anthu ngati 300,000, kotero kuti mwezi wa Okutobala 1918 anautcha mwezi wakuda. Nthendayo inatsata njanji monga madzi atsata ngalande: inafika ku Kimberley, ku Bulawayo, ku Salisbury, ndi ku migodi yonse ya Rhodesia.

Ku migodi imeneyo kunali abale athu ambiri, Atonga, Achewa, Angoni ndi Ayao, amene anapita ku Halale kukasaka ndalama ya msonkho ndi nsalu. M'makomponi ankagona mounjikana, ndipo chibayo chinali mdani wawo wakale. Ndicho chifukwa chake mu 1913 Boma la South Africa linaletsa a Wenela kulemba anthu a maiko otentha ano ntchito ya ku migodi ya ku Joni, poona kuchuluka kwa akufa nacho. Tsono mliri utalowa m'makomponi a ku Rhodesia, amuna anathawamo mazanamazana kulunjika kwawo, ndipo ambiri anagwera m'mbali mwa njira. Munthu asafulumire kuwaweruza. Amene anadwalapo kuchilendo adziwa kuti mtima umangofuna chinthu chimodzi, ndicho kukafika kwanu, kumene kuli wokupatsa madzi, ndipo zikavuta, wokutseka maso. Chomvetsa chisoni n'chakuti chikhumbo chabwino chimenechi ndicho chinali ngolo ya nthendayo.

Kuno kwathu inalowera chakumwera, pa khomo lomwe lija la njanji. Ndipo m'masiku omwewo amene mbiri ya mtendere wa pa 11 Novembala inali kufika, m'Blantyre, m'Limbe ndi ku Zomba anthu anali kugona m'nyumba ndi m'misasa, wina kubuula apa, wina apo. Mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida pa Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala. Ndipo ena mwa anthu ake, amene anapirira zipolopolo ndi njala zaka zinayi m'tchire, anafa ndi fuluwenza pa ulendo wopita ku Dar es Salaam. Nkhondo itatha, khamu la asilikali ndi amtengatenga linayenera kumwazikana, yense kumudzi kwawo. Panalibe chigawo chimene sichinapereke amuna, motero panalibenso chigawo chimene sichinalandire obwerera. Ndipo kumene njanji inalekezera, nthendayo inapitirira ndi galimoto, ndi sitima ya panyanja, ndi mapazi, kufikira m'midzi imene sinaonepo sitima chikhalire.

Lero tidziwa zambiri kuposa zimene madotolo a masiku amenewo anadziwa. Kachilombo ka fuluwenza kamatuluka m'mphuno ndi m'kamwa pamodzi ndi timadontho, munthu akamatsokomola, akamayetsemula, ngakhale polankhula ndi poimba. Ndipo tating'ono kwambiri timayandama mu mpweya wa m'chipinda chotseka. Kakalowa mwa munthu kamakhala duu tsiku limodzi kufikira masiku anayi, kawirikawiri awiri, ndipo munthuyo atha kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti iye mwini amve kudwala. Apa ndipo pagona nkhani yonse ya njanji. Masiku awiri a munthu woyenda pansi ndi mamailosi 30 kapena 40, panja, pamphepo. Masiku awiri a wokwera sitima ndi kuchokera ku Zambezi kufika pa Limbe, atapumira mpweya umodzi ndi anzake odzaza ngolo, nakagonanso m'msasa wodzaza. Ngakhale mlonda wa maso akuthwa akanaima pa siteshoni kuyang'ana otsika mmodzimmodzi, sakanamzindikira, pakuti wonyamula nthendayo ankatsika akuseka, phukusi lili pamutu.

Kudwala kwake kunali kodzidzimutsa. Munthu ankadzuka bwinobwino, pofika masana thupi lili moto, mutu ukung'amba, msana ndi mfundo zonse zikuphwanya. Ena ankatuluka magazi m'mphuno, ndipo amene mapapo awo anadzaza madzi milomo yawo inkada, chizindikiro chakuti imfa yayandikira. Ochuluka sanafe ndi chimfinecho pachokha, koma ndi chibayo chimene chinkalowa m'mapapo ovulazidwa kale. Chimfine cha masiku onse chimatenga makanda ndi nkhalamba. Ichi chinasankha a zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndi amayi apakati, ndiwo anthu ogwira khasu, olera ana ndi oyenda maulendo. Chinafikanso pa nyengo ya mvula yoyamba, pamene munthu aliyense afunika kumunda. Pa dziko lonse lapansi akatswiri amayesa kuti anafa anthu ngati 50 miliyoni, kuposa onse amene anaphedwa pa nkhondo ija. Ndipo mu Africa muno, kumwera kwa chipululu cha Sahara, anafa ngati 2 miliyoni.

Tiyenera kunena mawu amodzi za miyambo yathu, ndipo tiwanena mwaulemu. Mlendo ndi mame, timatero, sakhalitsa. Choncho akafika tifulumira kumlandira katundu, kumgwira chanza, kukhala naye pa mphasa imodzi. Nanji mwana wa m'mudzi wobwera ku nkhondo, amene anthu anamlira kale! Mudzi wonse unkasonkhana kudzamuona, madzi osamba m'manja ankayenda m'mbale imodzi kuyambira kwa wamkulu kufikira kwa wamng'ono, ndi chikho cha thobwa chimodzimodzi. Akadwala, abale ankadzaza m'kanyumba kopanda zenera kudzamzonda. Akamwalira, ankagona m'siwa usiku wonse, kulira ndi kuimba, ndipo m'mawa yense ankabwerera kumudzi kwawo. Miyambo imeneyi ndiyo inasunga mtundu wathu pa njala ndi pa nkhondo, ndipo munthu woinyoza sadziwa chimene anena. Koma kachilombo sikadziwa ulemu. Pamene ife tiona chikondi, iko kamaona mlatho.

Wolemba mbiri Melvin Page, amene anaphunzitsa pa Chancellor College, anayendera m'midzi pamodzi ndi ophunzira ake m'zaka zoyamba za m'ma 1970 kufunsa nkhalamba zimene zinaona Nkhondo ya Chiwaya, ndipo zimene anamva anazisonkhanitsa m'buku lotchedwa The Chiwaya War, la mu 2000. Ena mwa akuluakuluwo ankati nthendayo inadza ndi mpweya wa nkhondo. Ophunzira a masiku ano angaseke mawu amenewa. Ife tiyesa kuti nkhalambazo zinalasa pafupi, pakuti nthendayo inayendadi mu mpweya, ndipo inayendetsedwadi ndi nkhondo. Madotolo a ku Ulaya, ndi magalasi awo onse, ambiri ankaloza kachilombo kena kamene Richard Pfeiffer wa ku Germany anapeza mu 1892, ndipo anapanga akatemera olimbana nako, amene sakanatha kuletsa fuluwenza. Kachilombo kenikeni kanapezeka mu 1933 ku London, pamene Wilson Smith, Christopher Andrewes ndi Patrick Laidlaw anakapatsira kwa tinyama totchedwa ferret, tofanana ndi likongwe.

Kodi panali njira yoitsekera? Yankho lili pa zisumbu za Samoa, pakati pa nyanja ya Pacific, zimene zinagawidwa pawiri. Mbali ya kumadzulo, yolamulidwa ndi New Zealand, inalola sitima yotchedwa Talune kukocheza pa Apia pa 7 Novembala 1918 ili ndi odwala m'kati, ndipo m'miyezi iwiri anafa anthu ngati 8,500, ndiko kuti munthu mmodzi mwa asanu alionse ndi kupitirira. Boma la New Zealand linapepesa chifukwa cha ichi mu 2002. Mbali ya kum'mawa, yolamulidwa ndi America, bwanamkubwa John Poyer anatseka doko, mafumu a kumeneko namthandiza kulonda magombe, ndipo sanafe munthu ndi mmodzi yemwe. Chitsanzo chimenechi n'chomveka, koma tisachikokere patali. Dziko lathu si chisumbu. Malire ake ndi tchire ndi mitsinje yowolokeka, ndipo amuna amene anali kunjako sanali alendo oti n'kuwabweza, anali ana a m'mudzi.

Chimene chinapulumutsa anthu, pamene panalibe mankhwala, chinali chinthu chooneka chopepuka. Madotolo a m'maiko ambiri anaona chimodzimodzi: wodwala amene anagona msanga, nafunda, namwetsedwa madzi ndi phala, nakhalabe chigonere ngakhale kutentha kutatsika, kawirikawiri ankachira, koma amene anadzilimbitsa kupitiriza ulendo, kapena kudzuka msanga kubwerera ku ntchito, ndiye chibayo chinkamgwira. Imfa inachuluka koposa kumene onse anagwa nthawi imodzi, osatsala wotunga madzi kapena wosonkha moto, ndi pakati pa a pa ulendo, amene analibe mbale pafupi. Chipatala cha pa Mishoni ya Blantyre chinali chitayamba kale kuphunzitsa othandiza madotolo kuyambira masiku a Dotolo Neil Macvicar, amene anafika mu 1896. Koma anali owerengeka, ndipo madotolo ambiri a Boma ndi a mishoni anali atatengedwa ndi ntchito ya nkhondo. Ntchito yaikulu inatsalira anthu amene maina awo sanalembedwe m'buku lililonse, agogo ndi ana ndi anansi amene anayenda khomo ndi khomo ndi mtsuko wa madzi ndi mphika wa phala, podziwa kuti nawonso angadwale. Mulungu yekha ndiye anawawerenga.

Zaka zotsatira tingazidumphe mofulumira. Katemera woona wa fuluwenza anayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1940, nthawi yomweyo imene penisilini anafika kudzachepetsa imfa za chibayo. Miliri ina ya chimfine inazungulira dziko lapansi mu 1957, mu 1968 ndi mu 2009, koma panalibe wolingana ndi woyamba uja. Njira zokha ndizo zinachuluka ndi kufupika: mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, ndege zinayamba kutera pa Chileka, ndi mabasi a ku Joni kudutsa pa chipata cha Mwanza. Dzina la Wenela linatsalira pa malo okwerera mabasi m'Blantyre, ngakhale kampaniyo inaleka kale kulemba anthu. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa mu 1958, ndipo madotolo ofufuza za fuluwenza kumeneko anapeza kuti anthu okhala ndi kachilombo ka HIV amaidwala kawirikawiri kuposa anzawo, ndi kuti ikawagwira imawagwira molimba.

Ndipo m'chaka cha 2020 nkhani yakale ija inabwerezeka pamaso pathu. Covid-19 si fuluwenza, kachilombo kake n'kena, koma mayendedwe ake ndi omwewo. Odwala oyamba m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo. Ndipo m'mwezi wa Meyi, ntchito zitaima ku South Africa, abale athu anabwerera m'mabasi odzaza, masiku angapo pa njira. Anawasunga pa bwalo la masewera la Kamuzu kudikira zotsatira za kuyezedwa kwawo, koma oposa 400 anatulukapo zotsatirazo zisanabwere, akudandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Anthu ambiri anawadzudzula. Ife tiona pamenepo amuna aja a ku Cape Town ndi a m'makomponi a ku Rhodesia, ndipo tinena kuti mpanda sungamsunge munthu wolakalaka kwawo ngati m'kati mwake mulibe nsima, madzi ndi pogona. Wofuna kuti wa pa ulendo adikire, ayambe wamsamalira. M'Januwale 2021, maulendo a Khirisimasi atangotha, nthendayo inakula koopsa, ndipo pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi.

Tsono wa pa ulendo wa lero atengepo chiyani? Choyamba ndi zenera. Ambiri a ife tinaleredwa ndi chikhulupiriro chakuti chimfine chimadza ndi mphepo, kotero kuti m'minibasi yochokera ku Bangwe kapena ku Ndirande m'mawa wa Juni, munthu akangotsegula windo pang'ono, onse amamkalipira. Koma mphepo yozizira payokha ilibe kachilombo. Kali mu mpweya wotentha umene anthu khumi ndi asanu akupumirana, ndipo mpata wa zala ziwiri pa windo umauchotsa. Ndi bwino kuvala juzi ndi kutsegula, kusiyana ndi kuvula ndi kutseka. Pa ulendo wautali munthu atenge madzi akeake ndi sopo, asambe m'manja asanadye kamba wake, ndipo madziwo akhale othirirana, osati oviikamo onse m'beseni limodzi. Apewe kugwiragwira m'maso ndi m'mphuno. Ndipo ngati woyandikana naye akutsokomola kosalekeza, kuvala chophimba pakamwa ndi pamphuno si mwano. Katemera wa fuluwenza amasinthidwa chaka ndi chaka, popeza kachilomboko kamasinthasintha, ndipo amatenga milungu iwiri kuti ayambe kuteteza. Chotero wopita ku Joni m'nyengo ya chisanu, ngati ali ndi mwayi wompeza, abayitse asananyamuke.

Chovuta koposa ndi chimene chinavuta makolo athu, ndicho kuleka ulendo. Maliro aitana, ukwati uitana, katundu wa malonda adikira ku Limbe, ndipo tikiti yagulidwa kale. Komabe munthu amene thupi latentha ndi chifuwa chayamba, akakwera basi amadziika yekha pa ngozi ya chibayo, naikanso pa ngozi makanda ndi nkhalamba za kumene akupitako. Adikire kufikira kutentha kutatha, papitenso tsiku lathunthu osamwa mankhwala otsitsa kutenthako. Ndipo amene wafika kale pakhomo akudwala, abale amlandire ndithu, koma ampatse pogona payekha pamene mphepo ipita, ndi kapu ndi mbale zakezake. Amsankhire womsamalira mmodzi wamphamvu, asakhale mayi wapakati kapena agogo. Ozonda apereke moni ali pakhonde. Makapisozi ogula pa msika sapha kachilombo ka chimfine, ndipo asipirini asapatsidwe kwa mwana wodwala nthendayi.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira kucha: kupuma mobanika kapena mofulumira, kupweteka m'chifuwa, milomo kuda, kusokonezeka mutu, mwana kukana kuyamwa, ndi kutentha kumene kunatsika n'kubweranso ndi chifuwa chokulirapo, pakuti umo ndimo chibayo chimalowera. Amayi apakati, ana aang'ono, okalamba, ndi odwala mphumu, shuga, mtima, chifuwa chachikulu kapena HIV apite msanga ku chipatala cha kufupi, monga cha Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa kapena Chilomoni, osayamba ayesa za m'sitolo. Akafika amuuze dotolo kumene achokera ndi tsiku limene anabwera. Pakuti munthu amene wagona masiku angapo ku Nsanje, ku Chikwawa kapena kunyanja ku Mangochi, nayamba kutentha thupi ndi kuphwanya mfundo patapita mlungu umodzi kapena iwiri, angakhale ndi malungo, amene poyamba amafanana ndi chimfine, ndipo chosiyanitsa ndi kadontho ka magazi a pa chala.